Besi pa Nsanja ndi mu Situdiyo: Ntchito ya Woyimba ndi Zida Zake

Besi ndi gitala ya mawu akuluakulu imene imalumikiza ng'oma ndi zida zina zonse za gulu loyimba. Imayenda limodzi ndi ng'oma posunga kagundidwe ka nyimbo, ndipo nthawi yomweyo imayala maziko amene kiyibodi, magitala ndi mawu a woyimba zimakhazikikapo. Anthu ambiri pa phwando la nyimbo saitchera khutu, koma ndi imene imawadzutsa pa mpando, ndipo ikangosiya kulira aliyense amaona kuti nyimbo yapepuka. Vuto lalikulu la woyimba besi ndi lakuti zimene iye akumva pamene waima si zimene anthu akumva kumene akhala. Kasankhidwe ka ampu, kuyesa zida shoo isanayambe, mapedal ndi kajambulidwe ka mu situdiyo, zonsezi ndi njira zothetsera vuto limodzi lomweli.

Chiyambi cha chida

Besi yamagetsi isanabwere, magulu ankagwiritsa ntchito besi yaikulu yoimika pansi, imene inali yovuta kunyamula ndiponso inkamira m'phokoso la ng'oma ndi malipenga. Paul Tutmarc wa ku Seattle anapanga besi yamagetsi m'zaka za m'ma 1930, koma siinafalikire. Imene inasintha zinthu ndi Precision Bass ya Leo Fender, imene inatuluka mu 1951. Dzinalo linabwera chifukwa cha timizere ta chitsulo ta pa khosi pake, totchedwa mafreti, timene timathandiza woyimba kupeza noti yolondola mosavuta. Mu 1960 kampani yomweyo inatulutsa Jazz Bass, ya khosi lopyapyala ndi mapickup (tizipangizo totola kunjenjemera kwa mawaya) awiri, ndipo mu 1976 kunabwera Music Man StingRay, imene inatchukitsa mabesi okhala ndi batire mkati. Mabesi ambiri amene akugulitsidwa masiku ano, otsika mtengo ndi okwera mtengo omwe, amatengera kapangidwe ka atatuwa.

Ntchito ya besi ku Malawi inkagwirika kale ngakhale popanda magetsi. Babatoni, chida cha waya mmodzi ndi bokosi lokutidwa ndi chikopa, ndi besi ya magulu a m'misewu ndi m'midzi, ndipo Madalitso Band ndi Gasper Nali aifikitsa pa nsanja za ku Ulaya. Ku Zimbabwe, Alick Macheso, amene ali ndi magazi a ku Malawi ndipo amayimbanso m'Chichewa, anachititsa kuti besi ikhale chida chotsogolera mu nyimbo za sungura.

Chifukwa chake mawu a besi amavuta

Besi wamba imakhala ndi mawaya anayi, ochunidwa pa E, A, D ndi G. Waya wa E ukalizidwa osaupana umanjenjemera pafupifupi maulendo 41 pa sekondi, kapena kuti 41 Hz, pamene wa G umafika 98 Hz. Besi ya mawaya asanu, imene yatchuka kwambiri mu nyimbo zauzimu, imawonjezera waya wa B wa 31 Hz. Popeza mawu amayenda mumpweya pafupifupi mamita 343 pa sekondi, funde limodzi la noti ya E limatalika mamita oposa 8, ndipo la B limafika mamita 11.

Kutalika kumeneku ndi kumene kumabala mavuto ambiri. Choyamba, mafunde otere sapita kutsogolo kokha monga mawu a chitoliro. Amafalikira mbali zonse za sipika, amadutsa m'matabwa a nsanja, n'kulowa m'mayiki a oyimba ena. Chachiwiri, akagunda khoma amabwerera n'kukumana ndi anzawo. Pena amawonjezerana mphamvu, pena amafafanizana, moti m'holo imodzi muli malo amene noti ina imagwedeza chifuwa ndi malo ena amene noti yomweyo siimveka n'komwe. Sipika ikaikidwa pafupi ndi khoma mawu apansi amakula, ndipo ikaikidwa pa kona amakula koposa. Chachitatu, khutu la munthu silimva bwino mawu apansi akakhala otsika, n'chifukwa chake besi imafuna magetsi ambiri kuposa gitala kuti zimveke mofanana.

Noti ya besi si mawu apansi okhaokha. Pamwamba pa 41 Hz pamalira timawu tina pa 82, 123, 165 ndi kupitirira, ndipo timeneti ndi timene timauza khutu kuti noti yayimbidwa ndi iti. Akatswiri a zokuzira mawu amagawa mawu a besi motere: kuyambira 40 mpaka 80 Hz ndi kulemera kumene thupi limakumva, 80 mpaka 200 Hz ndi mnofu wa noti, 200 mpaka 400 Hz ndi pamene pamabwera chimkokomo chosokoneza zikachuluka, 700 mpaka 1,000 Hz ndi pamene noti imaonekera pakati pa zida zina, ndipo 2,000 mpaka 4,000 Hz ndi kulira kwa zala ndi waya. Oyimba ongoyamba kumene amakonda kukweza mawu apansi ndi apamwamba n'kutsitsa apakati, chifukwa zimakoma akamayimba okha m'chipinda. Gulu lonse likayamba, besi yoteroyo imasowa, pakuti mbali imene achotsayo ndi imene imaichititsa kumveka.

Ampu ndi masipika

Ampu ya besi imabwera m'njira ziwiri. Ina imakhala bokosi limodzi lokhala ndi ampu ndi sipika pamodzi, ndipo ina imakhala mutu payokha ndi bokosi la masipika payokha. Masipika ake kawirikawiri amakhala a mainchesi 10, 12 kapena 15. Ampeg B-15, ya mu 1960, inali ya sipika imodzi ya mainchesi 15 ndipo inatchuka m'masitudiyo. Ampeg SVT, ya mu 1969, inali ya mawati 300 ndipo imayendera limodzi ndi bokosi la masipika 8 a mainchesi 10. Imeneyi inapangidwira mabwalo akuluakulu pa nthawi imene zokuzira mawu zinali zofooka. Masiku ano kuli maampu a Class D amene amatulutsa mawati 500 koma munthu n'kuwanyamula ndi dzanja limodzi.

Mawati amanyenga ogula ambiri. Kuchoka pa mawati 150 kufika pa 300 kumangowonjezera madesibelo 3, ndipo kuti khutu limve ngati mawu akula kawiri pamafunika mphamvu yochuluka pafupifupi kakhumi. Kuwonjezera bokosi lachiwiri la masipika nthawi zambiri kumathandiza kuposa kugula mutu waukulu. Apa m'pofunika kudziwa za maohm. Mabokosi ambiri ndi a maohm 8 kapena 4, ndipo awiri a maohm 8 akalumikizidwa ku mutu umodzi amapanga maohm 4. Ampu iliyonse imalembedwa kumbuyo nambala yotsikitsitsa imene ingapirire, ndipo ikapatsidwa yotsika kuposa pamenepo imatentha n'kuzima kapena kupsa. Ampu ya matyubu isayatsidwe popanda sipika, chifukwa transifoma yake imawonongeka. Chingwe cha gitala chisagwiritsidwe ntchito polumikiza mutu ndi sipika, chifukwa waya wake ndi wochepa pa mphamvu imene imadutsamo.

Kabokosi ka DI

Pa shoo zambiri anthu samva ampu ya woyimba besi. Amamva masipika akuluakulu a kutsogolo, ndipo besi imafika kumeneko kudzera mu kabokosi kotchedwa DI. Mphamvu yochokera mu pickup ndi yofooka, ndipo ikayenda mu chingwe wamba chotalika kupitirira mamita 6 imayamba kutaya mawu apamwamba n'kutola phokoso. DI imaisandutsa kuti ithe kuyenda mu chingwe cha mayiki, cha mano atatu, mtunda wa mamita makumi angapo mpaka kukafika pa mikisa popanda kuwonongeka. Kabokosi kameneka kali ndi potulukira pena pamene chingwe chimapitirira kupita ku ampu, choncho woyimba amadzimva pa ampu yake pamene injiniya akulandira mawu oyera.

Ma DI ena ali ndi transifoma yokha ndipo safuna magetsi. Amenewa amagwirizana bwino ndi mabesi a batire. Ena amafuna batire kapena mavoti 48 ochokera ku mikisa, ndipo amathandiza mabesi opanda batire kusunga mawu awo onse. Pafupifupi onse ali ndi kabatani kolembedwa ground lift, kamene kamathetsa kulira kwa "mmm" kumene kumabwera ampu ndi mikisa zikalumikizidwa ku masoketi osiyana. Maampu ambiri ali ndi DI yawo mkati, yokhala ndi batani la pre ndi post. Pre imatumiza mawu asanadutse pa mabatani a ampu, pamene post imatumiza atadutsapo. Mainjiniya ambiri amakonda pre, chifukwa woyimba akasintha ampu yake pakati pa nyimbo, zimene anthu akumva sizisokonekera.

Kukonzekera shoo

Shoo zambiri zimawonongeka ndi tinthu ting'onoting'ono. Chikwama cha woyimba besi wodziwa ntchito sichisowa zingwe ziwiri zapadera, batire ya mavoti 9, mawaya a besi apadera, chochunira, lamba, tepi yomatira zingwe pansi, tochi, adaputa ndi chingwe chotalikitsira magetsi. Besi ya batire imadya batireyo nthawi yonse imene chingwe chili cholowetsedwa, choncho chizichotsedwa pa nthawi yopuma yaitali. Batire ikayamba kutha mawu amayamba kusweka asanazimiretu, ndipo ichi ndi chizindikiro chofunika kuchidziwa.

Kutentha ndi chinyezi zimapinda khosi la besi. Chida chimene chatsekeredwa m'galimoto padzuwa la mwezi wa Okutobala, kapena chimene chachoka ku Dedza kozizira kupita ku gombe la nyanja ku Mangochi, chimasintha kachunidwe ndipo mawaya amatha kukwera kapena kuyamba kukhudza mafreti. Ndi bwino kuchitulutsa m'chikwama msanga kuti chizolowere mpweya wa pamalopo, kenaka n'kuchichuna.

Nkhani ya magetsi ndi yaikulu. Ku Malawi, ku Zambia ndi ku Britain magetsi a m'nyumba ndi a mavoti pafupifupi 230, pamene ku America ndi 120. Ampu yogulidwa kapena yotumizidwa kuchokera ku America iyenera kuwerengedwa kumbuyo isanalowetsedwe m'soketi, chifukwa ina imapsa nthawi yomweyo. Pogwiritsa ntchito jenereta, zida ziyatsidwe jeneretayo itakhazikika, ndipo mafiriji ndi magetsi owunikira asakhale pa chingwe chimodzi ndi zokuzira mawu. Poyatsa, mikisa imayamba ndipo maampu amatsiriza. Pozimitsa, maampu ndi amene amayamba. Dzino lachitatu la pulagi lisathyoledwe pofuna kuthetsa phokoso, chifukwa ndi limene limateteza moyo chida chikawonongeka mkati, ndipo woyimba amakhala atagwira mawaya achitsulo. Mu 1972 Leslie Harvey, woyimba gitala wa gulu la Stone the Crows, anafa pa nsanja ku Swansea atagwidwa ndi magetsi pokhudza mayiki imene inalibe chitetezo chimenechi.

Kuyesa zida

Kuyesa zida, kumene oyimba amakutcha sound check, si nthawi yophunzira nyimbo. Cholinga chake ndi chakuti injiniya atsimikize kuti chida chilichonse chikufika pa mikisa, aike mlingo wa chilichonse, ndipo woyimba aliyense amve zimene akufuna pa nsanja. Kawirikawiri amayamba ndi ng'oma, makamaka yopondedwa ndi phazi, kenaka besi, magitala, kiyibodi, n'kutsiriza ndi mawu a oyimba. Besi imatsatira ng'oma chifukwa ziwirizi zimalimbirana malo amodzi, pakati pa 50 ndi 100 Hz, ndipo injiniya amayenera kusankha chimene chikhale pansi ndi chimene chikhale pamwamba pang'ono. Mu reggae, monga imene Aston "Family Man" Barrett ankayimba ndi The Wailers, besi ndi imene imatenga pansi penipeni. Mu nyimbo zambiri za pop ng'oma ndi imene imatenga pansi, besi n'kukhala pamwamba pake.

Nthawi yake ikafika, woyimba besi aziyimba ndi mphamvu imene adzayimbire pa shoo yeniyeni. Akayimba mofatsa poyesa, injiniya amakweza mlingo, ndipo nyimbo zikatentha mawu amasweka. Ayimbe noti yotsikitsitsa imene ali nayo, akwere khosi lonse pang'onopang'ono kuti noti imene ikukokoma m'holomo idziwike, ayese kumenya waya ndi chala chachikulu ngati adzatero, ndipo aponde pedal iliyonse kuti injiniya aone ngati ina ikukweza kapena kutsitsa mawu modzidzimutsa. Ena akamayesedwa iye akhale chete. Pomaliza gulu lonse liyimbe chigawo cha nyimbo yaphokoso kwambiri ndi chigawo cha nyimbo yofatsa kwambiri.

Mkangano wodziwika pakati pa oyimba besi ndi mainjiniya ndi wa kukweza ampu. Woyimba amene waima pafupi ndi ampu yoikidwa pansi samva bwino mawu apakati ndi apamwamba, chifukwa amenewa amapita molunjika n'kudutsa m'miyendo mwake. Iye amaganiza kuti ampu yatsika, amakweza, ndipo mawu apansi amadzaza holo yonse mpaka injiniya kusowa chochita koma kuzimitsa besi pa masipika a kutsogolo. Mankhwala ake ndi kuika ampuyo pa mpando kapena kuipendeketsa kuti iloze m'makutu, kuichotsa pa kona, ndi kuwonjezera mawu apakati m'malo mowonjezera mphamvu. Ngati nsanja ndi ya matabwa yokhala ndi mphako pansi, kuchotsa ampu pa matabwapo kumachepetsa chimkokomo. Woyimba amene ali ndi chingwe chachitali angatsike kukaima kumene kudzakhale anthu kuti amve yekha.

Holo yopanda anthu imalira mosiyana ndi yodzaza. Matupi ndi zovala zimameza mawu apamwamba ndi apakati kuposa apansi, choncho injiniya amasinthabe zinthu pa nyimbo zoyambirira, ndipo woyimba asamathamangire kusintha ampu yake. Panja, monga pa mchenga wa kunyanja, palibe makoma obweza mawu, motero besi imamveka yoyera koma imafuna mphamvu yochuluka. Pa zikondwerero za magulu ambiri nthawi yoyesa imachepa kwambiri, ndipo nthawi zina gulu limangopatsidwa mphindi zochepa zoonera ngati zingwe zikugwira ntchito. Pamenepo chimathandiza ndi pepala lotumizidwa pasadakhale losonyeza pamene aliyense adzaime ndi zimene adzalumikize.

Kudzimva pa nsanja ndi kusamala makutu

Woyimba besi amafunika kumva zinthu zitatu koposa zina: ng'oma yopondedwa ndi phazi, chida chimene chikupereka makodi, ndi mawu a wotsogolera nyimbo. Kupempha zida zonse mu monita, sipika yoloza kwa woyimba pa nsanja, kumangobweretsa chisokonezo. Magulu ambiri tsopano amagwiritsa ntchito timasipika tolowetsa m'makutu, timene timachepetsa phokoso la pa nsanja ndi kulola aliyense kukhala ndi kasakanizidwe kake. M'matchalitchi ena akuluakulu woyimba besi sakhalanso ndi ampu, amangodutsa mu DI basi.

Makutu akawonongeka ndi phokoso sabwerera. Bungwe la NIOSH la ku America limalangiza kuti munthu asapitirire maola 8 pa phokoso la madesibelo 85, ndipo pa madesibelo 3 aliwonse owonjezera nthawiyo imadulidwa pakati. Pa madesibelo 100, amene nsanja zambiri zimafika, nthawi yake ndi mphindi 15 zokha. Woyimba besi amaima pafupi ndi mbale zachitsulo za ng'oma, choncho zotsekera m'makutu zopangidwira oyimba ndi chida chofunika ngati chingwe. Kulira kwa m'makutu shoo ikatha ndi chenjezo lakuti malire apitiriridwa.

Mapedal

Mapedal ndi timabokosi topondedwa ndi phazi timene timasintha mawu a chida. Pa besi pali lamulo limodzi loposa onse: pedal imene ikuchotsa mawu apansi yachotsa maziko a gulu lonse, ngakhale itakoma bwanji payokha.

Yoyamba kugula ndi yochunira. Kuwonjezera pa kuchuna, imazimitsa mawu, choncho woyimba angathe kuchuna kapena kusintha besi popanda kuphulitsa masipika. Yachiwiri ndi kompuresa, imene imatsitsa noti zokwera kwambiri kuti zonse zimveke molingana. Pa mlingo wa 4:1, mawu akapitirira malire oikidwa ndi madesibelo 4, amene amatuluka amapitirira malirewo ndi desibelo imodzi yokha. Kompuresa imathandiza makamaka pa kayimbidwe komenya waya ndi chala chachikulu, kamene Larry Graham wa gulu la Sly and the Family Stone anatchukitsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Ikapanikizidwa kwambiri imapha kusiyana kwa kuyimba mofatsa ndi mwamphamvu, ndipo imakweza phokoso la zingwe.

Yachitatu ndi pedal ya preamp yokhala ndi DI, monga SansAmp Bass Driver ya kampani ya Tech 21, imene imatsanzira mawu a ampu ya matyubu. Kwa woyimba woyenda pa minibasi amene amagwiritsa ntchito ampu iliyonse imene waipeza, imeneyi ndi yothandiza kuposa zonse, chifukwa mawu ake amakhala amodzimodzi kulikonse.

Zotsalazo ndi zokometsera. Overdrive ndi fuzz zimaswa mawu mwadala, monga zimamvekera pa besi ya Chris Wolstenholme wa gulu la Muse. Zopangidwira gitala zimadula mawu apansi, n'chifukwa chake zopangidwira besi zimakhala ndi batani losakaniza mawu oyera ndi osweka. Octave imawonjezera noti ina pansi pa imene yayimbidwa. Boss OC-2, ya mu 1982, inatchuka ndi Pino Palladino pa nyimbo za Paul Young, ndipo imagwira bwino noti ikayimbidwa imodzi imodzi, moyera, chapakati pa khosi. Envelope filter imachititsa besi kulira ngati ikulankhula, motsatira mphamvu ya zala, ndipo Bootsy Collins anadziwika nayo pogwiritsa ntchito Mu-Tron III. Chorus imatambasula mawu, ndipo ndi mbali ya kamvekedwe ka Peter Hook wa Joy Division ndi New Order.

Kandandalikidwe ka mapedal kamasintha zotuluka. Ambiri amayamba ndi yochunira, kenaka kompuresa, octave, zoswa mawu, chorus, n'kutsiriza ndi DI. Envelope filter imafuna kumva kusiyana kwa mphamvu ya zala, choncho ambiri amaiika kompuresa isanafike. Mapedal ambiri amadya mavoti 9, ndipo adaputa ya mavoti ena kapena yotembenuka mbali imawawotcha. Kudyetsa mapedal ambiri ndi adaputa imodzi kumabweretsa phokoso, makamaka pakakhala ena a dijito. Pali mabokosi ena, monga a Zoom ndi Line 6, amene ali ndi zonsezi mkati mwa chimodzi. Ndi otsika mtengo poyerekeza ndi kugula imodzi imodzi, koma amafuna kuti woyimba akhale pansi kunyumba n'kulinganiza mlingo wa kamvekedwe kalikonse asanapite nawo pa nsanja.

Kujambula mu situdiyo

Mayiki ndi kompyuta zimatola zonse zimene phokoso la pa shoo limabisa: kukhudza kwa waya pa freti, noti yosachunidwa bwino, waya wina amene akulira osafunika. Choncho kujambula kumayamba ndi kukonza chida. Noti yopanidwa pa freti ya 12 iyenera kukhala noti yomweyo ya waya wosapanidwa koma yokwera ndi octave imodzi, ndipo ngati sizikugwirizana, tizitsulo ta kumunsi kumene mawaya amakhazikika tisunthidwe. Mawaya alipo a mitundu iwiri ikuluikulu. Okhakhala, amene kampani ya Rotosound inatchukitsa m'zaka za m'ma 1960 pogwira ntchito ndi John Entwistle wa The Who, amalira mowala akakhala atsopano. Osalala amalira mofatsa ndipo amakhalitsa. James Jamerson, amene anayimba besi pa nyimbo zambiri za Motown ku Detroit, ankagwiritsa ntchito osalala pa Precision Bass yake ndipo sankawasintha kawirikawiri.

Njira yosavuta yojambulira ndi kulumikiza besi molunjika, ndipo ndi mmene nyimbo zambiri za Motown zinajambulidwira. Mu situdiyo ya kunyumba pamafunika kabokosi kolumikiza chida ndi kompyuta, kotchedwa audio interface, monga Focusrite Scarlett, ndi pulogalamu monga Cubase, Logic, Pro Tools kapena FL Studio. Besi yopanda batire ilowetsedwe polembedwa Inst kapena Hi-Z, apo ayi mawu amatuluka ofooka ndi osawala. Pojambula pa 24-bit palibe chifukwa chokwezera mlingo mpaka pafupi ndi kufiira. Noti zamphamvu zikamafika chapakati pa -12 ndi -6 dB n'zokwanira, ndipo mawu amene asweka polowa sakonzekanso. Ngati woyimba akumva noti mochedwa m'mahedifoni, buffer ya pulogalamu yojambulira ichepetsedwe kapena batani la direct monitor liyatsidwe, chifukwa kuchedwa kochepa kokha kumasokoneza kugwirizana kwake ndi ng'oma.

Njira yachiwiri ndi kuika mayiki patsogolo pa ampu. Amene amagwiritsidwa ntchito kawirikawiri ndi Electro-Voice RE20, AKG D112 ndi Sennheiser MD 421. Mayiki ikaloza pakati pa sipika mawu amawala, ikasunthira m'mphepete amafewa. Kufunafuna besi yomveka bwino pa mbale kunayamba kale. Pojambula "Paperback Writer" ya The Beatles mu 1966, mainjiniya a ku Abbey Road anasandutsa sipika kukhala mayiki kuti atole mawu apansi a besi ya Paul McCartney. Masitudiyo ambiri amajambula DI ndi mayiki nthawi imodzi n'kuzisakaniza. Popeza mawu amatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi kuyenda masentimita 34, a mu mayiki amafika mochedwa pang'ono, ndipo ziwirizi zikaphatikizidwa zingafafanizane besi n'kuonda. Injiniya amasuntha chimodzi pa kompyuta mpaka mafunde agwirizane, kapena amayesa batani lotembenuza funde. Kusunga DI yoyera kumalolanso kuidutsitsa mu ampu ina kapena mu pulogalamu yotsanzira ampu tsiku lina popanda kuitananso woyimba.

Situdiyo imalolanso zimene pa nsanja sizitheka. Pa nyimbo ya "You Can Call Me Al", ya mu chimbale cha Graceland cha Paul Simon cha mu 1986, Bakithi Kumalo wa ku Soweto anayimba kachigawo kothamanga pa besi yopanda mafreti, ndipo theka lachiwiri la kachigawoko ndi theka loyamba lomwelo litatembenuzidwa pa tepi kuti liyende chammbuyo.

Kusakaniza ndi kumene nyimbo ikamvedwere

Posakaniza, besi imaikidwa pakati, osati kumanja kapena kumanzere, ndipo imadutsa mu kompuresa kuti noti iliyonse ikhale pamalo pake. Zida zimene zilibe ntchito ndi mawu apansi, monga magitala ndi mawu a oyimba, zimadulidwa pansi pa 80 kapena 100 Hz kuti besi ndi ng'oma zipeze malo. Chipinda chaching'ono chimanamiza makutu pa mawu apansi, mofanana ndi holo, choncho wosakaniza amayerekeza ntchito yake ndi nyimbo zina zojambulidwa bwino ndipo amamveranso pa mahedifoni.

Chomaliza ndi kuganizira omvera. Nyimbo zambiri masiku ano zimamvedwa pa foni, pa wailesi yaing'ono ndi pa timasipika ta Bluetooth, ndipo zimenezi sizitulutsa 41 Hz. Komabe khutu likamva timawu ta pamwamba tija, ta 123, 165 ndi kupitirira, ubongo umazindikira noti yapansi ngakhale palibe. N'chifukwa chake osakaniza amawonjezera kusweka pang'ono kapena kukweza mawu apakati pa besi, kuti imveke pa foni popanda kusefukira pa masipika akuluakulu a m'galimoto kapena a pa ukwati. Mbali yaikulu ya ntchito imeneyi imachitika ndi zala pojambula. Kuyimbira pafupi ndi khosi kumapereka mawu onenepa, kuyimbira chakumunsi kumapereka mawu othina ndi omveka, ndipo kutseka mawaya osafunika ndi kudula noti pa nthawi yake kumasiyira ng'oma mpata umene palibe pedal kapena pulogalamu ingaupange pambuyo pake.